Madzi a Mchere pa Mbare Musika

Kanema uja wafika pamsika tisanayale n'komwe.
Wayenda mafoni onse a mzere wathu,
kuyambira kwa wogulitsa anyezi
mpaka kwa mnyamata wokankha ngolo:
dzanja la munthu wosaoneka nkhope
likumiza sitiroberi m'madzi a mchere,
kenako mphutsi mbwee, zoyera, zikudzipinda.

Pofika teni koloko sindinagulitse kabokosi ngakhale kamodzi.
Mai Chikwanha, kasitomala wanga wa zaka zisanu,
andilozetsa foni kumaso
ngati akundionetsa mwana wanga akuba.

Ndiye ndati, Mwandida, tsuka beseni.
Thamanga kwa Gwenzi ukatenge mchere, ndilipira madzulo.

Madzi a pamjigo, masupuni atatu,
sitiroberi khumi za ku Nyanga,
ndipo anthu atizinga ngati pali ndewu.
Wina akuwerenga mphindi.
Wina wakweza kale foni pamwamba pa mitu.

Mphindi zisanu: fumbi la mumsewu wa Mutare,
kachidutswa ka tsamba.
Mphindi khumi: thovu basi.
Kondakitala wayasamula,
wabwerera kukaitanira kombi ya ku Mufakose.
Mphindi makumi awiri,
kamodzi.
Katulukira pafupi ndi phesi,
kochepa kuposa mpunga wosweka,
kakupalasa madzi ngati kaiwala china kunyumba.

Gulu lati aaa!
Mwandida wandiyang'ana, milomo gwa.

Ndikananama bwanji, kali pomwepo?
Ndati inde, ndi kameneko, kaoneni bwino.
Zipatso khumi, mlendo mmodzi,
ndipo lendi sanalipire.
Wina waseka, wina walavula.

Bambo anga, amene anachoka ku Dedza ndi bulangete limodzi
kudzathyola malalanje a eni ku Mazowe,
ankanyema gwafa pakati,
kusuzumira, kuuzira, n'kudya.
Ankati chipatso chimene mphutsi yachikana
iwenso uchifunse chamwa chiyani.
Sindinawauze zimenezi anthu a pamsika.
Mawu a akufa sakwana m'foni.

Wojambula uja watsitsa mkono.
Kamphutsi kamodzi si kanema,
palibe angakatumize kwa mlamu wake ku Joni.
Gulu lasungunuka ngati mchere womwewo.

Mai Chikwanha atsala.
Awerama, magalasi pamphuno,
akayang'ana kanthuko nthawi yaitali.
Kenako atulutsa dola yopindapinda m'chikwama:
kabokosi kamodzi,
ndipo mchere wotsalawo muikemo ngati basela.

Madzi ndathira m'ngalande, kamphutsi kapita nawo,
sindikudziwa ngati kafika ku Mukuvisi.
Khumi zonyowa zija palibe akanagula,
ndiye tikudya tokha pamasitepe a ku Matapi,
magetsi atazima monga mwa masiku onse.
Zikukoma mchere kunja, shuga m'kati.

Mwandida akaluma, akuunika ndi tochi ya foni,
akalumanso, akuunikanso.
Ine ndikungodya mumdima.