Ndiuze za Ludzu Lake

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi
ndathirira nzimbe za eni ku Nchalo.
Ndikudziwa mmene madzi amathera m'ngalande
maso ako ali pomwepo.
Lero penshoni yalowa m'buku
ndipo aliyense wasanduka mlangizi wanga.

Mlamu wanga Zuze akuti gula chachikulu,
cha matayala ofika m'chiuno,
choti chikamadutsa pa Dyeratu
ootcha mbuzi aziiwala kutembenuza nyama.
Akuti Mwanza akadzakwiya
kakang'ono kadzayandama ngati chikho.
Sindinamutsutse.
Zuze ali ndi njinga yopanda buleki.

Ku Limbe mnyamata wogulitsa anandiyatsira wailesi,
nandisisititsa mipando yachikopa,
nanditsegulira kazenera kapadenga.
Ndinati mwanawe, kwathu dzuwa sitilitsegulira khomo,
limalowa lokha.
Ndiuze za ludzu lake.
Lita imodzi imaifikitsa pati?
Anaseka, nati zimatengera phazi la woyendetsa.
Ndinati phazi ndi langa, ndimalidziwa,
ndikufunsa za m'mero.

Usiku, kutentha kutatithamangitsira pakhonde,
ndinang'amba tsamba m'kope la mdzukulu,
Nyadani akundiunikira ndi foni,
udzudzu ukuimba m'makutu.
Ku Bangula kwa amayi ake, kawiri pamwezi.
Ku Gulupu kamodzi,
poti shuga yemwe ndinalima uja
anandilondola mpaka m'magazi.
Ndinalembanso zitunda zoyambira pa Thabwa
pomwe injini imapuma wefuwefu ngati ng'ombe yapangolo,
ndi kamphepo kozizira ka m'kati,
chifukwa Okutobala wa kuno sakambirana ndi munthu,
ndipo kamphepoko nako kamamwa.

Chachikulu: makilomita asanu ndi atatu pa lita.
Kakang'ono: khumi ndi asanu ndi awiri.
Ndinachulukitsa, ndinafufuta, ndinachulukitsanso.
Nyadani anasuzumira nati,
ndiye kuti chaka chilichonse
tizitulutsa ng'ombe imodzi m'khola
n'kukaimwetsa ku paipi ya petulo?

Ndinakumbuka mzere uja wa pa Ngabu,
magalimoto atagona panja masiku atatu
eni ake akudzikupiza ndi makatoni,
anyamata a zigubu akutchula mtengo
ngati akutchula malowolo.
Amene anali ndi akasinja aakulu
ndiwo anayamba kutsitsa nkhope.

Ndipo chachikulu, anatero Nyadani,
chili ndi ludzu lina lomwe sunalembe.
Thonje la Zuze.
Mabenchi a kutchalitchi.
Mkwati wa mwana wa msuweni wa neba.
Onsewo potsika adzati Mulungu akudalitseni,
ndipo ine sindinaonepo pampu
yolandira mawu amenewo.

Ndinagula kakang'ono, koyera.
Zuze anakazungulira kawiri,
anakaponda tayala, nati kakunga sopo.
Lolemba m'mamawa anali pakhomo
atavala jekete, akufunsa ngati ndikulowera ku Nsanje.

Sindinama, pali masiku omwe ndimachita manyazi.
Pa mchenga wa njira ya ku dimba kamakanda pansi ndi mimba,
matumba a chimanga ndimawatuta maulendo awiri,
ndipo zazikulu zikandipitirira pa Sorjin
fumbi lake ndimalimeza ndine.
Mvula ya Januwale itadula msewu
ndinakakweza pa mtunda wa pasukulu
n'kukwera bwato ngati wina aliyense.
Koma tsidya lino la madziwo
zazikulu zija zinali ndii, zitandanda,
nazonso zikudikira wopalasa.

Madzulo ena tikuchokera ku Bangula
ng'ombe zitadzaza msewu,
ndimaima, ndimazimitsa injini, ndiziwerenga zikudutsa.
Nyadani amagona, mutu pagalasi.
Kasingano ka mafuta kamatsika mwaulemu
ngati mtengwa wofika kumene,
ndipo m'khola mwanga
ya mawanga ija idakalipo, yatenganso bere.