Nsapato za Twaibu

Nsapato izi ndi za Twaibu,
sikisi, pomwe phazi langa ndi eyiti.
Zala ndazipinda ngati nkhanu kuuna
ndipo ndawoloka mlatho wa Shire osatsimphina,
poti Mpondasi yense akudziwa
kuti ndabwera kuchokera ku Joni.
Zoti anachita kundibweza,
jumbo imodzi ya zovala pamiyendo,
tikuzidziwa anthu atatu:
ine, Twaibu ndi mayi.

Pakhomo paima chimunthu cha khosi ngati mtondo.
Chalandira ndalama, chandidinda inki padzanja.
Ndakumbuka chala changa ku Lindela
ndipo ndaseka ndekha.

M'katimu kutentha kwa Okutobala
nako kwalipira pakhomo, kwalowa.
Fani ya kudenga ikungotakasa thukuta.
Magetsi ofiira akuthamangitsa obiriwira pakhoma,
chiwaya chikugunda m'nthiti,
mabotolo akuyenda okha patebulo.
Anyamata a kabaza, fumbi likadali m'nsidze,
ana asukulu amene kwawo anena kuti ali ku phunziro,
mtsikana wa ku famase uja
amene masana sayang'ana munthu kumaso,
onse chiuno chimodzi.

"Wa ku Joni wafika!" akukuwa Shaibu.
"Tigulireni, bwana!"
Ndasisita thumba ngati muli kanthu.
Ndati ndikubwera, ndalowa pakati,
poti munthu akuvina sakumbutsidwa ngongole.

Ndiye ndavina.
Gule amene ndinaphunzira kuseri kwa golosale
komwe ndinkagona pamakatoni:
phewa kaye, kenako bondo,
kenako kuima nji ngati wamva mapazi a wapolisi,
n'kuyambanso.
Andipatsa bwalo. Akuloza nsapato.
Chala chachikulu chikulira m'menemo, sakuchimva.

Mwadzidzidzi mdima bii.
Magetsi apita.
Jenereta yatsokomola kawiri, yakana.
Mluzu, kutukwana, timatochi ta mafoni.
Kenako pakona wina wayamba kumenya kreti,
wina botolo ndi chotsekulira,
ndipo izi si za ku Joni ayi,
awa ndi manganje,
amene tonse tinawavina tili mbuu ndi fumbi
tisanadziwe mtengo wa pasipoti.
Mawu a Chiyao atuluka m'makosi
amene usiku wonse amayesa Chizulu.

Ndawerama. Ndavula.
Simenti yonyowa ndi mowa yandilandira
ngati dambo la kwathu.

Wina wandiponda.
"Pepani. Iii, mulibe nsapato?"
Ndi mawu a wa ku famase.
Dzina lake akuti Asiyatu.
Wandifunsa kukhutu, akupuma mothamanga:
"Inu mwabwera n'chiyani ku Joniko?"
Mumdima bodza limasowa pomata.
Ndati, "Mapazi awawa basi."
Wakhala chete ng'oma iwiri, itatu.
"Achimwene anga anabwera m'bokosi,
tinachita kusonkha mudzi wonse.
Vinani."

Ndavina mpaka malaya akakamira kumsana,
mpaka ndaiwala kuti Shaibu akudikira botolo,
mpaka wa kreti manja atupa
n'kumupatsira mnzake.
Magetsi atabwera ena adandaula.
Tayang'anana ngati anthu ogwidwa,
makina ayambiranso pomwe anasiyira,
koma miyendo yakana kubwerera.

Nsapato ndapeza imodzi, ya kumanzere,
pansi pa tebulo, m'kati muli chitsekerero.
Inayo ndaifuna mpaka kuchimbudzi.

Tsopano azana yayamba mzikiti wa kumsika,
wina wayankha kutsidya.
Ndadutsa pa nsanja ya wotchi, phula likadali lofunda,
wa kabaza wandiimira, ndapukusa mutu.
Amayi opita kukapikula usipa
ayang'ana mapazi anga, kenako nkhope,
mmodzi wandizindikira.
Sindinabise.

Nambala ya Asiyatu ili padzanja,
pambali pa inki ya pakhomo,
manambala awiri omaliza thukuta lafufuta.
Ndiyesa onse, alipo zana chabe.

Chatsala n'choti ndikamuuze Twaibu.
Nsapato yake ndaikolopatira m'khwapa
ngati nkhuku yokapepesera mlandu.