Galiyamu mu Okutobala

Magetsi athimanso ku Eriya 33.
Kachitsulo ka m'botolo la Nabengo
kayamba kugwetsa misozi yasiliva,
kasungunuka ndi kutentha kwa Lilongwe kokha.

Akuti tizilombo ta pabala
timasusukira ayironi ngati ana pa zitumbuwa.
Galiyamu amafika atabwereka malaya a ayironi,
amalonjeredwa, amapatsidwa mpando,
koma khasu sagwira.
Kachilombo kamakhuta, n'kufa ndi njala.

Nabengo akukopera zimenezi ndi tochi ya foni.
Kuwodi mlongo wake Dzinkambani ali chigonere,
bala likukana kupola,
jakisoni wachinayi walephera.

"Akadayesabe," anatero dokotala. "Kunja."

Akupendeketsa botolo.
Dontho likugubuduka, phee, osanyowetsa galasi lamaso
limene misozi yake yanyowetsa kale.
Pamsewu kondakitala akukuwa:
Kawale! Mmodzi yekha, tinyamuke!