Kuseri kwa Msana

Tinadzuka Chibavi ali m'tulo,
nkhungu ya Julaye itagona pamalata ngati mphaka.
Nyuma anapopa matayala, ine ndinadontheza oyilo patcheni.
Nthochi zinayi m'thumba lakumsana,
madzi m'botolo lomwe kale linali la sobo.

Pa Katoto mphepo inali isanatidziwe.
Inatipeza titangodutsa Lusangazi,
pomwe nyumba zimathera, msewu n'kutsala wokha.
Mwera.
Sunapereke moni.
Unangoika chikhatho pachifuwa panga
ngati wapolisi amene sakufuna chiphaso,
sakufuna ya fanta,
akungofuna kuti uime.

Ndinatsitsa giya. Ndinatsitsanso.
Ndinafuna kutsitsa kachitatu, chala chinapeza kuti zatha.

Chitunda n'chachilungamo:
umachiona, umachitukwana, chimatha,
kenako chimakubwezera ngongole yako pamtsetse.
Koma mphepo ilibe pamwamba pake.
Umapalasa potsika ngati ukukwera,
ndipo palibe amene angakukhulupirire madzulo,
chifukwa palibe choloza ndi chala.

"Gwira tayala langa," ndinakuwa,
mawu n'kuuluka kubwerera ku Mzuzu opanda ine.
Koma anamva. Mwana wa Komani amamva.
Anabisala kuseri kwa msana wanga,
m'kachipinda kaja ka mpweya wofatsa
komwe ndinakhalamo zaka khumi ndi ziwiri
kumbuyo kwa bambo ake,
ndikuwerenga zigamba za pajuzi yawo yofiira,
ndikuganiza kuti ndine wamphamvu.

Chaka chomwe tinaika Komani ku Ekwendeni
m'pamene ndinadziwa kulemera kwa mwera.
Munthu uja sanandiuzepo.
Ankangotembenuka, mano onse panja,
"Ukadalipo, Fumbani?"

Lole ya matabwa inatidutsa ikubuula,
kwa kamphindi dziko linakhala chete, lonunkha utomoni,
kenako mphepo inabwerera ndi abale ake.
Anyamata amakala, matumba atatuatatu pakaliyala,
ankatsetsereka kulowera m'tauni, mwera ukuwakankha kumsana.
Mmodzi anaseka: "Adada, mwasochera!
Mphepo ikupita uku!"

Ku Mazamba zitsa za paini zili mbuu,
mapiri ometedwa mpala, opanda chotchinga.
Milomo inauma, maso akulira okha popanda chisoni.
Akatumba anayamba kundiwerengera zaka:
makumi asanu, ndi zinayi,
ndi zija ndinanyamula anthu pakabaza
kuchoka kumsika kukwera ku Zolozolo
mpaka mawondo kuphunzira kulira ngati chitseko.

Sindikudziwa kuti zinachitika pa kilomita iti.
Ndinangomva tcheni china chikusintha mawu,
mthunzi wowonda ukudutsa kudzanja langa lamanja,
mutu pansi, zigongono mkati,
malungo onse a bambo ake.
Sanapemphe. Sanandiyang'ane.
Anangokhala patsogolo
ndipo chikhatho chija chinachoka pachifuwa panga.

Msana wake ndi waung'ono,
sungabise ngakhale thumba la chimanga.
Koma ndinapindika, ndinadzichepetsa,
ndinakwanamo.

Ndinafuna kunena kuti bwerera, udakali mwana,
Chikangawa akadali kutali.
Mpweya wonenera unalibe.
Ndinangoyang'ana sipoko imodzi yopindika
yomwe ndakhala ndikulonjeza kuwongola chiyambire Epulo
ikuzungulira, ikuzungulira.

Pa Nthungwa tinaima. Nthochi zinali zitaphwanyika,
tinadya ndi zala, titakhala pamwala wozizira,
udzu wonse utagwadira kumpoto.
Mayi wina wogulitsa mbatata yootcha anafunsa
ngati kuli mpikisano, ngati kuli mphotho.
Nyuma anapukusa mutu, kukamwa kuli kodzaza.

Pobwerera mphepo yomweyi idzatinyamula ngati makanda,
tidzalowa m'tauni anthu n'kumati ndife akatswiri.
Koma zimenezo n'zamasana.
Pakadali pano akumanga chisoti,
phazi limodzi lili kale papedulo,
akutembenuka, mano onse panja:

"Mukadalipo, adada?"