Mndandanda wa Endel

Ku Tartu chipale chofewa chakwirira njinga pakhomo.
Leelo watulutsa kafulashi m'thumba la jekete,
kopepuka ngati kiyi wa positi,
nakabaya pa kompyuta ya malemu bambo ake.

Kapulogalamu kali m'menemo sikapempha malo ogona.
Kamangodutsa ngati mlendo waulemu,
kuwerenga foda ndi foda:
Misonkho, Njuchi, Mankhwala a mtima,
Njuchi zakale,
mafayilo zikwi zinayi ndi atatu.

Pansi penipeni pali foda yotchedwa Leelo.
Kukula kwake: ziro.
Tsiku: Lachiwiri lija anakangana.

Wasindikiza mndandanda wonse, masamba khumi ndi anayi,
kenako wazula kafulashi.
M'kompyuta simunatsale ndi phazi lomwe.
Tiyi wazizirira pawindo.