Chingwe cha pa Ulongwe

Ndinayamba ndi nsalu yoyera yokhoma pakhoma la golosale,
kujambula nkhope za pazitupa.
Kwezani chibwano. Musamwetulire. Chotsani mpango.
Zaka zisanu ndi chimodzi anthu ankandipatsa nkhope zouma
ngati za pamaliro a munthu wosamudziwa,
n'kulipira mametikali awo, n'kutuluka
kukaseka panja, kumene kamera yanga sinkafika.

Tsiku lina ndinawatsatira.

Ndinajambula Evarisito Soko atasenza thumba la kachewere,
mitsempha ya m'khosi itatupa ngati luzi lonyowa;
atsikana a ku Domwe akulimbana ndi wogula kabichi;
ku Moatize, malaya oyanika m'mawa ali mbee,
pofika madzulo ali bii ndi fumbi la malasha.
Kumeneko mayi wina anandikhuthulira madzi otsukira mbale:
"Wajambula umphawi wanga, ukagulitsa kuti?"
Ndinakukuta mano. Funsolo ndinawoloka nalo Zambezi
likundiwotcha kuposa dzuwa la mu Tete.

N'chifukwa chake lero ndamanga chingwe
kuchokera pabulugamu mpaka pashedi ya ogulitsa nyemba,
ndapachika zithunzi ndi mapegi a zovala
kuti eni ake adzione alendo asanawaone.
Wosafuna chake achotse. Atatu achotsa kale.
Evarisito akuti ndinamutenga mbali yolakwika,
koma waitana mlamu wake kuti adzaone.

Chakumasana wafika Nankhoma wa mandasi,
waima pachithunzi cha njinga za kabaza.
Sakuyang'ana njingazo. Akuyang'ana pakona, kumbuyo,
pali theka la nkhope ndi chipewa chopindika,
munthu amene ine sindinamuone pojambula.
"Awa ndi bambo a Jelasi. Anatisiya dzinja lathali.
Kunyumba kulibe chawo, cha pachitupa chinafufutika ndi mvula."
Wapukuta chala pachitenje asanakhudze pepala.

Ndamasula mapegi.
Wafunsa mtengo, ndapukusa mutu,
wandisiyira mandasi anayi m'pepala la mayeso a mwana wake,
mafuta atalowerera pamasamu.

Zaka zonsezi ndimati ndine ndimasankha zolowa m'chithunzi.

Pachingwe patsala mpata.
Mphepo ya kuphiri ikudutsa pomwepo,
ana akulowetsamo mitu mmodzimmodzi,
wina watulutsa lilime,
akuti: ajambuli, tatengani ichi.