Wowerenga Madzi a Luia

Ntchito yanga n'kuwerenga mtsinje.
M'mawa uliwonse, mame asanaume,
ndimatsetsereka ndi kope ndi pensulo yotafunidwa kumutu
kukaona pomwe Luia wafika pathabwa la manambala
lomwe aboma anakhomera pathanthwe.
Mita imodzi ndi theka. Ndalemba.
Mtsinje sunandiyang'ane n'komwe.

Pamapu opachikidwa mu ofesi ku Tete
Luia ndi kaulusi kothothoka pansalu.
Koma ine ndikumudziwa:
amachokera kumpoto, kufupi ndi malire,
kumene munthu amalima m'dziko lino n'kukagulitsa m'dziko lina.
Amatola timifuleni topanda maina m'minda ya fodya,
amapindika, amakwiya m'miyala ya kuno ku Chifunde,
akumana ndi Kapoche, apatsana moni wa thovu,
kenaka onse awiri akadzipereka kwa Zambezi
kumunsi kwa khoma la Kabora Basa.

Mvula yoyamba ikagunda, madzi akafiira ngati katondo,
nchila zinkabwera.
Zinkakwera mtsinje chamtunda, mimba zodzaza mazira,
kulumpha mathithi, kugwa, kulumphanso,
misana ikung'anima ngati mipeni yonoledwa.
Usiku unkazimva uli m'nyumba: phavu! phavu!

Bambo anga, a Lusiyano Chagunda,
ankatchinga biyo la nsungwi pokhotera paja,
mono zisanu ndi imodzi kukamwa kuli kumunsi.
Koma chakutsidya ankasiya mpata
wokwana mikono iwiri.
Ndili mwana ndinkayesa kuti nsungwi zawathera.
Tsiku lina ndinatsekapo ndi nthambi za mkuyu.
Anandikoka khutu mpaka pamchenga:
“Limenelo ndi khomo la chaka chamawa, iwe.”

Chaka chamawa chinabwera kangapo, kenaka chinaleka.

Lero kumtunda akukumba golide.
Madzi afiira ngakhale m'chilimwe,
kufiira kosanunkhira mvula.
Masikito oti ateteze ana ku udzudzu
akukokolola ndi timwana ta ningwi tosaoneka maso.
Sindiloza munthu chala:
mlamu wanga Zefelino ali m'dzenje momwemo,
ndipo mchere womwe ndadya dzulo wagula ndi iye.

Mwana wanga Kandido anakwera chapa
kupita kunyanja ya damu, kokapha kapenta ndi nyali.
Akuti kumeneko nsomba zimabwera zokha potsata kuwala,
palibe kulumpha, palibe thanthwe.
Amanditumizira mametikali pafoni
ndi thumba la tinsomba touma
tomwe sitinaonepo mathithi.

M'kope mwanga muli mizere itatu:
tsiku, ola, kuya kwa madzi.
Mzere wa nsomba mulibe.
Choncho ndinayamba kulemba m'mphepete, tizilembo tating'ono:
Lachiwiri, nchila zinayi pamathithi.
Lachisanu, palibe.
Lolemba, imodzi, yalephera katatu.

Mnyamata wa njinga yamoto wodzatenga mapepala
anawerenga, naseka, nati:
“Madala, ife tikufuna manambala okha.”
Ndinati: zinayi si nambala kodi?

Dzulo kunagunda cha ku Furankungo.
Usiku wonse Luia anali kutokota m'tulo tanga.
M'mawa thabwa linamira mpaka pa mita zitatu,
zitsotso ndi mapesi zikuyandama,
nsapato ya munthu ikuzungulira padziwe.
Ndinakhala pomwe panali biyo la bambo,
kope pabondo, malaya atanyowa.

Ndiye ndinaiona.
Imodzi yokha, yonenepa, chipsepse chong'ambika.
Inalumpha, thanthwe linaibweza.
Inalumphanso.
Kachitatu ndinapezeka ndaimirira, ndikukuwa
ngati ndili kubwalo la mpira,
munthu wa imvi, ndekhandekha m'tchire.

Sindikudziwa ngati inadutsa.
Thovu linali lambiri, maso anganso akalamba.
Pamzere ndalemba: mita zitatu.
M'mphepete ndasiya mpata,
wokwana zala ziwiri.